Sowo Yamagetsi ya Ang'ono Anu

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi mayi a ana. Ife kuno tilipo ndithu.

Chipumireni pantchito, ang'ono anu asandutsa galaja kukhala kopalira matabwa. Fungo la utuchi limandikumbutsa masiku aja inu awiri munkakhoma mipando pakhonde la malemu bambo anu, mukukanganirana pulena imodzi. Loweruka tinapita kusitolo kukaona makina. Kuli opalira, obowolera, osalazira, ndi sowo yamagetsi ya patebulo, ija mano ake amatulukira pamwamba. Mtima wawo uli pa sowoyo.

Wogulitsa anaiyatsa, nawapatsa thabwa kuti ayese. Alamu, ndinaliona dzanja lawo lamanja likunjenjemera. Thabwa linkagogoda patebulo, mano akuzungulira pafupi ndi zala. Wogulitsa anazimitsa msanga. Ang'ono anu anangoseka, nati, "Ndi khofi wam'mawa ameneyu, mayi, musatong'ole maso." Khofi anasiya chaka chatha. Pepala lakuchipatala lonena za matenda a dzanjalo lili m'thumba la jekete lawo, ndipo akuganiza kuti sindinaliwerenge.

Akulemberani sabata ino kufunsa nzeru, poti pa za matabwa samvera wina koma inu. Chonde ayamikireni makina obowolera ndi osalazira. Za sowo, pezani chifukwa chanu: phokoso, kuchepa kwa malo, chilichonse. Musatchule dzanja, musatchulenso ine. Koma musawaletse zonse. Akasowa chogwira adzangokhala pampando tsiku lonse, ndipo zimenezo ndiye ndikuziopa kwambiri.

Wogulitsa wati awasungira sowoyo mpaka Lachisanu. Yankhani msanga.

Ndine mlamu wanu.