Chingerezi cha Nachete

Lolemba, 10 Febuluwale

Bondo likadapwetekabe. Sitandade 7: ana 64, madesiki 19. Lero madesikiwo tawakankhira kukhoma, tayamba njira yatsopano yophunzitsira. Ine ndinene m'Chingerezi, iwo ayankhe ndi thupi: imirirani, gwirani khutu, lozani windo, pitani kuchitseko. Kulemba ayi, kuyankha pakamwa ayi. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuwerengera ana ndime za Chingerezi, iwo ali maso tong'o ngati ndikupemphera m'malilime. Lero aseka mpaka misozi. Fumbi koboo. Ahedi anasuzumira pakhomo: "Aphunzitsi, muno ndi m'kalasi kapena pabwalo la mpira?" Ndinangomwetulira.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Onse akukhoza. Onse! Ndikangotchula windo, zala 64 kuwindo. Ndadzitama kunyumba mpaka abambo a ana andipempha kuti ndipumeko, amvere nkhani pawailesi.

Koma pali izi. Nthawi yopuma anabwera mayi ake a Nachete. Kamtsikana kokhala kumbuyo kwenikweni, zaka 13. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, poti chaka chino palibe anamvapo mawu ake. Mayeso olemba, womaliza nthawi zonse. Mayiwo amagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera, amagona komweko ndi mwanayo. Akuti abwana aakazi akufuna wolera khanda, ndiye mwezi ukatha amusiyitsa sukulu. "Mutu wake ndi wouma, aphunzitsi, tisavutitsane." Mwana ali pomwepo, akuyang'ana nsapato zake.

Ndawapempha masabata awiri. Kaya ndichita nawo chiyani.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Manyazi bwanji. Ahedi anakhala nafe phunziro lonse. Potuluka, motsitsa mawu: "Mukudziwa kuti musanatchule windo mumayamba mwaliyang'ana? Musanati khutu, dzanja lanu lanyamuka kale."

Ndiye kuti ana anga akhala akuwerenga thupi langa, Chingerezi chikungowadutsa. Sabata yathunthu ndikudzinamiza, bondo ndikulipweteka pachabe. Chakudya chamasana sichinalowe.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndinawauza kuti onse atsinzine, ine manja kumbuyo. Chipwirikiti! Ndikuti gwirani phewa, wina mphuno, wina bondo, akathyali akusuzumira ndi diso limodzi. Wokhoza zonse mmodzi yekha. Nachete.

Ndinamuuza atsegule maso, n'kutalikitsa: pita ukatseke chitseko, ubwere ndi choko chofiira osati choyera, uchiike pansi pa tebulo. Zonse ndendende, mwachangu, mutu uli chowerama. Kalasi yonse kuwomba m'manja. Iye n'kuthawira pamalo pake.

Mwana ameneyu ndakhala ndikumulembera ziro ndi dzanja langali.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Titaweruka ndinamutsalitsa, tinagawana buledi wanga. Mawu ake ndawamva tsopano. Aang'ono, osasa pang'ono. Ndinafunsa komwe anachidziwira Chingerezi. "Kwa abwana. Amayankhula chokhachokha. Ndikachedwa kumva amakalipira amayi." Kuyambira ali ndi zaka zisanu. Bweretsa, tseka, pukuta, choka apa. Kuyankha saloledwa.

Ine kunyadira kuti njira yanga yagwira, chonsecho ndangokhala bwana winanso womutuma. Atapita ndinalira m'kalasi mopanda anthu, mayi wamkulu ndi imvi zanga.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Tasintha. Tsopano olamula ndi anawo, mmodzimmodzi, anzawo ali chitsinzinire. Ayamba kumva zenizeni, mwina theka la kalasi. Mmodzi walamula kuti onse agwire mphuno ya mnzawo, tathera kulekanitsa ndewu.

Nachete ikafika nthawi yake amangoima. Sindikumukakamiza. Okakamiza ali nawo kale okwanira.

Kwatsala masiku awiri. Ndalembera mayi ake kakalata kuti abwere adzangoona.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Anabwera ndi epuloni ya kuntchito, akuti apemphako ola limodzi. Mpando anakana, anaima panja pawindo.

Ndinapereka malamulo aatali, ovuta. Nachete osaphonya ndi limodzi lomwe. Ndinayang'ana mayiwo monyadira. Iwo osadabwa: "Zimenezo amachita tsiku ndi tsiku, aphunzitsi. N'chifukwa chake akumufuna."

Ndawathandiza kutsimikiza maganizo awo. Bondo nalo linali litatupa, maola atatu ndili chiimire. Ndinatsamira tebulo.

Kenako mawu ochokera kumbuyo, osasa koma omveka: "Teacher, please sit down. Your leg."

Nachete, popanda womuuza. Ndinakhala pampando. Theka la kalasi nalo pansi khathyaa, poti amva lamulo! Iye anayang'ana uku ndi uku, osakhulupirira kuti anthu amumvera. Anayesanso, kuwauza aimirire. Anaimirira. Adumphe. Ana 63 m'mwamba, fumbi mpaka kudenga. Nachete kuseka! Ali ndi kampata pakati pa mano, sindinkadziwa.

Mayi ake anagwira pakamwa ndi epuloni ija. "Ine ndimayesa amangodziwa kutumidwa." Ola linali litatha, anapita osatsanzika.

Lolemba, 3 Malichi

Mwezi watha. Loweruka ndi Lamlungu ndachapa ndi zovala zoyera zomwe, kuti manja asakhale.

Mvula chiyambire m'mawa. Belu lalira, pamalo pa Nachete palibe munthu. Ndinayamba kuitana mayina pang'onopang'ono, kuopa kufika pa lake.

Chitseko kwee. Wanyowa thupi lonse, makope ali m'jumbo yapulasitiki pansi pa juzi. Akuti amayi auza abwana kuti afune wina wolera khanda, ndipo kunyumbako nkhope sizili bwino. Ananena zonsezi akundiyang'ana m'maso.

Kenako wafunsa ngati lero angayambe ndi iyeyo kulamula.

Ndakhala pansi asanandiuze n'komwe.