Mpango pa Khosi la Nungu

Lolemba, 5 Ogasiti

Uthenga wa a Alufandika, apampando a kalabu yathu ya masewera a zilombo, pa gulu la pa foni, ndaukopera monga uliri: "Wosewera aliyense asankhe yekha chonyamula cha chilombo chake. Palibe wogwira foni ya mnzake. Amene akaimire Zomba ku Blantyre pa 24 adzapita ndi nzeru zake." Tonse tinavomera pansi pake. Ine woyamba.

Osewera tilipo ambiri, mpando wa m'minibasi ndi umodzi.

Mkazi wanga Dora wandifunsanso kuti bambo wa ana awiri ndimalimbana ndi chiyani pa foni. Ndamufotokozera kachikena. Zilombo zinayi mbali ino, zinayi mbali iyo. Chilichonse chimaloledwa kunyamula chinthu chimodzi basi. Lamba, kuti chikamenyedwa kolimba chisafe ulendo woyamba. Chipatso, kuti chidzichiritse. Mpango, kuti chithamange kuposa anzake, koma kamenyedwe kamene wayamba nako ndi komweko, sungasinthe. Mnzako sadziwa chimene chako chanyamula mpaka nkhondo itayaka. Wangoti, "Bola mukanamasankha chonchi pogula matimati, bambo a Chifuniro." Wapita kukachapa.

Woopsa ndi Stafford wa ku yunivesite ndi Chipembere chake. Mayina enieni a zilombozi amatipinda lilime, tinazitcha athu. Chipemberecho chimayenda ngati lole yokwera ku phiri, koma chikakugunda wapita. Palibe anachigwetsapo.

Vera nayenso walembetsa. Mng'ono wake wa Dora, akukhala nafe kuno ku Mtiya chiyambire kozi yake ya makompyuta m'tauni. Masewerawa ndinamuphunzitsa ndine. Masiku ano sandifunsanso kanthu. Ndaona.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Mphepo ya chiperoni tsiku lonse. Makasitomala ochepa, mayunitsi a magetsi akutha.

Masana Vera watulukira pa benchi yanga yokonzera mafoni ku msika, nkhope ngati wachokera ku maliro. Foni yagwa akutsika pa kabaza, galasi laphwanyika pakati. "Alamu, lisafike Loweruka, chonde." Mpikisano wa kalabu ukuyamba tsiku limenelo. Wandionetsa katsegulidwe kake ndi chala, osaganiza kawiri. Galasi la mtundu umenewo ndinali nalo limodzi.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Galasi ndaika. Ntchito yaukhondo, ngakhale kafumbi.

Galasi latsopano umaliyesa m'makona monse, ndi lamulo la ntchito. Ena amayesera pa kalikyuleta. Ine ndinatsegula masewera.

Zilombo zitatu zili bwino. Chachinayi, Nungu wake uja, wamunyamulitsa Mwala. Mwala! Chinthu chimene ntchito yake ndi kulemetsa chilombo kuti chizichedwa. Ndinanenapo pa gulu kuti Mwala ndi wotsekera chitseko, anthu anaseka sabata yonse. Chiphunzitso changa aliyense amachidziwa: woyamba kumenya ndiye wadya.

Ndamuchotsera, ndamuveka Mpango. Zala zinachita zokha, ngati pochotsa batire lofufuma.

Ndinaganiza zomuuza. Koma ndimamudziwa, akanakana, makani a kwawo kwa Dora. Adzathokoza mawa akapambana.

Watenga foni madzulo, wayendetsa chala pa galasi, wati, "Inu ndiye dokotala, alamu."

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndalowa mu fainolo. Vera watuluka.

Sindinadye.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ku tchalitchi ndinakhala nawo, ulaliki sindinaumve. Ndilembe zadzulo, mwina zichoka m'mutu.

Pa khonde la shopu ya a Alufandika ku Chikamveka, anthu atadzaza mpaka pa ngalande. Vera anagwetsa anyamata awiri osatulutsa Nungu n'komwe. Ndinkangoti mwina akumusunga chifukwa ndi wofooka. Semifainolo, iye ndi Stafford. Zilombo zinatha mbali zonse, kunatsala Chipembere ndi Nungu.

Apo ndi pamene ndinaona kamenyedwe kamene anamusankhira. Kubwezera. Nungu akayamba wamenyedwa, amabweza kawiri mphamvu yake. Akayamba ndi iye, ndi kukanda chabe. Ndipo Chipembere ndi chochedwa kuposa zilombo zonse za m'kalabu. Kuti chiyambe ndi icho kumenya, wako ayenera kuchedwa kuchiposa.

Mwala uja.

Mwezi wonse mtsikanayu wakhala akuluka msampha umodzi, wa nyama imodzi, osauza munthu. Ine ndinaumasula ndi chala chimodzi ndikuyesa galasi.

Nungu anathamanga ngati wamva moto. Anayamba kumenya, Chipembere osagwedera n'komwe. Vera anayang'ana foni, anati, "Eee." Basi. Anafuna kusintha kamenyedwe, Mpango unakana. Anakandanso. Chipembere chinamuponda.

Phokoso. Wina anakuwa kuti Nungu wavala mpango ngati akupita ku chinkhoswe. Stafford akuseka anati, "Chemwali, zimenezi anakuphunzitsani ndani?" Anthu onse anatembenukira kwa ine, mphunzitsi wake.

Ndinapukusa mutu. Pang'onopang'ono, mwachisoni, ngati munthu amene analangiza koma mwana sanamve. Ndinachita bwino kwambiri. Mutuwo ndi umene ukundilanda tulo kuposa chala chija.

Pobwerera, titadutsa pa mlatho, anati, "Kapena ndinadina molakwika ndekha, galasi likadali lachilendo." Ine ndinati zimachitika.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Mayi wina wa kaunjika wandisiyira foni, sipika sikumveka. Wandiuza nambala yotsegulira mokweza, anthu akumva, wapita. Ndinakhala nayo m'manja nthawi yaitali osaitsegula.

Zaka zonsezi pa benchi iyi sindinatsegulepo zithunzi za munthu, kapena mauthenga a mkazi wa mwini. Ndinkanyadira zimenezo. Ndinkawanena anyamata a mabenchi enawa. Kani ine chondiyesa chinali chisanafike.

Vera akudya, akutsuka mbale, akupita ku kozi. Masewera sakutsegula. Ndikanakonda akanalira.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndalera Nungu wanga. Ndamuphunzitsa Kubwezera. Ndamunyamulitsa Mwala.

Ndikudziuza kuti ndikukamubwezerera mlamu wanga kwa Stafford. Mawuwa ndi abwino, ndawayeserera kangapo pokwera chitunda cha kunyumba. Chilungamo chake n'chakuti popanda Mwalawo Chipembere sindingachithe, ndipo ku Blantyre ndikufuna kupita.

Anthu amene anaonera Loweruka anaona Nungu wa Mpango akufa mopusa. Palibe akudziwa kuti panali Mwala. Tikudziwa awiri.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndapambana.

Stafford ataona Nungu anaseka, anati, "Akulu, matenda a m'banja?" Chipembere chinamenya choyamba, Nungu anatsala ndi kamoyo kochepa ngati batire la foni ya agogo. Anabweza. Chipembere chinagwa kamodzi n'kamodzi.

Khonde linagwedezeka. Anandinyamula, nsapato imodzi inagwera mu ngalande. Stafford anagwira mutu, "Mwala wotsekera chitseko uja? Munkatinamiza dala, akulu!" A Alufandika anandigwira dzanja ndi manja awiri. "A Nickson, nzeru zoterezi mumazitenga kuti?"

Ndinaseka, ndinaloza mutu wanga.

Vera anaima kumbuyo, pafupi ndi pamene amaimika njinga. Anaomba m'manja limodzi ndi anthu. Anandiyang'ana nthawi yonse imene ankaombayo.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Dora anati tikondwerere, titengere ana ku phiri akaone damu. Sadziwa kuti ndapambana chiyani, wangomva kuti mwamuna wake akupita ku Blantyre pa ndalama za kalabu, zamukwanira.

Pamwamba kuzizira, nkhungu ikuyenda m'mitengo ya paini. Njinga zikutsika zitasenza nkhuni kuposa msinkhu wa eni ake. Ogulitsa masitiroberi anatithamangira, Dora anatsitsa mtengo mpaka munthu anadandaula. Ana patsogolo ndi mayi awo. Ine ndi Vera tinatsalira m'mbuyo, sindikudziwa anachedwa dala ndani.

Anayamba ndi iye, akusankha sitiroberi m'kabasiketi. "Galasi munandiikira lija n'lanzeru, alamu. Limasankhira lokha zilombo zovala."

Ndinati sindikumva.

"Mpango sindinaukhudzepo chiyambire masewerawa. Uli kutsi kwenikweni kwa thumba, sungaudine mwangozi. Ndinayesa."

Anayesa. Sabata yonse ndimati sakutsegula masewera, kani amatsegula ali yekha, kufufuza ngati chala chake chingalakwe chonchi. Anayamba wadzikayikira yekha asanakayikire ine.

Ndinati ndimafuna kumuthandiza. Anati, "Ndikudziwa. Nanga inu mumalakwa?"

Ndinamufunsa ngati akawauza a Alufandika. Limenelo ndiye funso loyamba limene ndinafunsa. Osati pepani. Pepani anabwera pambuyo, atazizira kale.

Anataya kansonga ka sitiroberi m'udzu. "Ndimagona pansi pa denga lanu, alamu. Fizi ya kozi mumathandiza ndinu. Ndikakunenezeni, madzulo ndibwere ndidzakupatseni madzi osamba m'manja?"

Anathamangira ana. Pa damu anajambulitsa nawo, akumwetulira bwinobwino. Anajambula ndine, ndi foni yake. Anatsegula yekha atatembenuka, kenako n'kundipatsa.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ndatseka benchi masana, ndapita kwa a Alufandika. Ndinawapeza akukopera mapepala a ana asukulu. Ndinanena zonse, za galasi, za Mwala, za mutu ndinapukusa uja. Ndinati pa 24 apite Vera, kapena abwerezenso masewera ake ndi Stafford.

Anazimitsa makina, anatseka chitseko.

"Dzina tinatumiza kale, ndi chithunzi chomwe. Ndiye tikawauze a ku Blantyre kuti chiyani? Kuti ku Zomba timapisana m'mafoni? Amatinena kale kuti ndife tauni ya opuma pantchito." Anati lamulo analemba lija ndi la adani, osati la pachibale. Anati nkhani za mlamu zimathera kunyumba. Pomaliza anandifunsa ngati ndauzako wina. Nditati ayi, anati, "Ndinu munthu wamkulu."

Ndinatuluka thupi litapepuka. Ndinaima pa chiwaya, ndinagula tchipisi, ndinadya zonse mpaka kabichi. Ndinanena, anakana ndi iwo, ine nditani?

Ndikudziwa chifukwa chimene ndinapitira kwa iwo m'malo molemba pa gulu, pamene onse akanawerenga. A Alufandika ndawadziwa kalekale. Ndinkadziwa chimene adzayankhe ndisanatseke benchi.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Jimmy wa benchi ya kutsidya kwa msewu, amene amamata mafoni ndi guluu wa nsapato, wandikuwira anthu akumva: "Akulu, mlamu wanu wabwera kwa katswiri lero!" M'manja mwake foni ya Vera, potchajira pavuta. Galasi langa likuwala padzuwa.

Mtsikanayo anaima pomwepo mpaka Jimmy anamaliza. Sanachoke ngakhale kukagula madzi.

Stafford wadutsa madzulo, wafatsa tsopano, akundipatsa ulemu. Akuti anzake a ku Blantyre amuuza kuti kumeneko pafupifupi aliyense ali ndi Chipembere. "Musausiye Mwala uja, akulu. Popanda umene uja mukatuluka pa masewera oyamba."

Kunyumba Dora akupinda zovala anati, "Bambo a Chifuniro, mwana uja mwamutani? Akukupatsani ulemu wambiri." Ndinati za masewera chabe. Anandiyang'ana monga amayang'anira nsomba ya dzana pa msika.

Ndalemba uthenga wa pa gulu. Wautali, wabwino, wokhala ndi pepani pamalo pake. Ndaufufuta.

Loweruka, 24 Ogasiti

Pa depoti. Minibasi sinadzaze, kondakitala akulumbira kuti tatsala munthu mmodzi, mipando inayi ili mbee. Ndikulembera pa bondo.

M'mawa ndikumwa tiyi, foni ili pa tebulo. Vera anabwera atavala kale za ku kozi. Anatambasula dzanja. "Tatsegulani, alamu."

Dora anali pomwepo akupaka majarini pa buledi wa ana. Ndinatsegula, ndinamupatsa.

Sanachedwe. Anadina, anatsitsa chala mpaka kutsi kwa thumba, anadinanso. Anaibweza pa tebulo pafupi ndi kapu, mwaulemu, dzanja lina litagwira pa mkono.

"Ndakuthandizani," anatero. "Muyende bwino."

Dora anati, "Waona, mwayamba kugwirizananso."

Ndaiona ndili muno. Zitatu sanazikhudze. Kusintha ndi kosavuta, palibe angadziwe, mpikisano uyamba masana. Chala chafika pamenepo kawiri, chabwerera. Mayi wa pambali panga ali ndi dengu la mapeyala pa miyendo, akungoyang'ana chimene ndikuchita.

Foni yalira. A Alufandika pa gulu, chithunzi changa ndili m'mwamba nsapato imodzi palibe: "Tiyeni timufunire zabwino katswiri wathu. Wasankha yekha, wapambana yekha, akupita ndi nzeru zake." Anthu akuvomera pansi pake. Vera wavomera nawo.

Injini yalira.

Nungu wavala Mpango. Wamuveka ndi Vera.