Kandulo ya Jozef

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kunja kuno ku Nechells tili bwino, chifuwa chija chinandisiya.

Pa 2 Novembala mnzanga wa kufakitale, Jozef, anayatsa kandulo panja nthawi ya buleki. Kwawo ndi ku Slovakia, kumudzi wina wa oweta nkhosa m'mapiri. Akuti tsikuli aliyense amakayatsa kandulo pamanda a abale ake. Koma achinyamata anathera kunja kuno, moti pamanda a bambo ake amamuyatsira ndi mayi wokalamba woyandikana nawo nyumba.

Anandifunsa kuti, "Nanga manda a amayi ako amawasamalira ndani?" Papita zaka zinayi ndi miyezi itatu ndisanapondeko kumudziko.

Chonde, udzu usanakule, mukalambule pamanda a amayi. Mukawauze kuti Lufeyo sanaiwale.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Lufeyo