Utsi Sukwera Phiri

Lolemba, 10 Juni 2024
Utsi m'nyumba lerolinso. Mwana wanga Melody watsokomola mpaka kusanza. Mphumu yamuyambanso. Alamu anga a Benson ayatsa uvuni wa makala kuseri kwa phiri. Ndawatumizira mawu. Yankho lawo: "Pakati pathu pali phiri lathunthu, mlamu. Utsi umapita kumwamba." Bodza.

Lachitatu, 12 Juni
Ndalawirira kukauona utsiwo ndi maso anga. Chisanu choluma zala, kamphepo kakang'ono kochokera kum'mawa. Utsi sukwera ayi. Ukafika pakati pa phiri umaima ngati wagunda denga. Kenako umagawika pawiri, wina kuzungulira mbali ya kumanda, wina kudzera pampata wa kumadimba. Umakumananso pakhomo panga penipeni, n'kugona m'dambo mpaka dzuwa litakwera. Mu Okutobala, inde, mpweya wotentha umaunyamula kudumpha phiri. Koma mpweya wa Juni ndi wolemera, umangokwawa pansi. Zimenezi a Benson sazidziwa? Anabadwira pompano.

Loweruka, 15 Juni
Kuchipatala ku Katete. Anesi akuti, "Mwanayu mumuchotse pautsi." Ndimuchotse apite kuti? Pano ndi pakwawo. Ndapempha amuna anga a Humphrey kuti akalankhule ndi akulu awowo. Iwo osadzutsa n'komwe mutu: "Amake Melody, mphepo ilibe mwini wake." Ndangotuluka. Ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana.

Lachinayi, 20 Juni
Melody sanapite kusukulu sabata ino. Akamapuma, m'chifuwa mukulira ngati likhweru. Mabulangeti, ufa, madzi akumwa, zonse fungo la utsi. Kumsonkhano wa amayi kutchalitchi akazi a Benson andifunsa akumwetulira kuti mwana ali bwanji. Ndawayang'ana mpaka azolika. Ambuye andikhululukire, kupemphera sindinapemphere.

Lachisanu, 21 Juni
Ndatenga khasu m'mawa, ndatsata utsi kudzera pampata kuti ndikagumule uvuniwo ndekha. Ndapeza mauvuni awiri. Wachiwiri watsopano, mitengo yaiwisi, ndipo amene amaukwirira dothi ndi a Humphrey. Atandiona angoima, fosholo ili m'manja. A Benson ndiwo alankhula: "Kodi sunawauze alamu kuti uwu ndi wako?"
Akuti mawa a Humphrey auyatsa. Bambo wake wa mwana.

Loweruka, 22 Juni
Ku Sinda, kwa amayi. Melody wagona masana onse osatsokomola, mpaka ndimapita kukamugwira pachifuwa. Foni ikungolira m'chikwama. Amayi akufunsa kuti tikhala masiku angati. Ndawauza kuti mwana asamukira kusukulu ya kuno.