Usagule Kena, Mwanawe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi onse a m'nyumba mwako. Chifuwa chija chinatha? Nanga ku chipatala ntchito ikuyenda? Kuno tiliko. Mayi ako mawondo ndi omwe aja, koma pakamwa pokha sipanadwalepo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni mayi ako amakhala ali pambali khutu lili tcheru, komanso masiku ano mawu amandithawa ndikamayankhula. Papepala amandidikira.

Nkhani ndi ya ka GPS kaja unanditumizira chaka chatha kuti kazindilozera njira m'galimoto. Lamlungu mayi ako anakuuza kuti kawonongeka, iwe n'kunena kuti ugula kena. Usagule, mwanawe. Werenga kaye mpaka kumapeto.

Ukudziwa kuti poyamba sindinkakafuna. Zaka makumi atatu ndikuperekera mazira m'magolosale a mumzinda muno, ndani akanandiuza njira? Ndinakamata pagalasi kuti usakhumudwe basi. Ndipo mavuto kali nawo. Dzuwa likatentha kamamatuka n'kugwera kumapazi. Zala zanga zokakalazi sikazimva msanga, ndimachita kukadina katatu. Msewu wa kuseri kwa depoti unatsekedwa kalekale, koma iko kamaumirira kuti ndidzere komweko, ndikakana kamakhala duu ngati munthu wonyanyala. Pakati pa nyumba zitalizitali za m'tauni kamasokonezeka, n'kumaonetsa galimoto yanga ikuyenda pamadenga.

Poti kamayankhula ndi mawu a mzimayi, mayi ako anakatcha mkazi mnzawo. Amati iwo akhala akundiuza pokhota chikwatiranireni ine osamva, koma mayi wa pagalasiyu wangoyankhula kamodzi, ndagwada kale.

Tinkaseka. Koma pang'onopang'ono ndinayamba kukadalira. Wokonza mafoni wa pakona paja anandilowetseramo magolosale onse khumi ndi awiri, ndi kunyumba komwe. Ndinkauza anthu kuti ndi ulesi wa ukalamba.

Zoona zake ndi izi. Tsiku lina ndinatuluka m'golosale nditanyamula mathireyi opanda kanthu, n'kuima pakhonde osadziwa kuti ndikuchokera kuti, ndikupita kuti. Ndinalowa m'galimoto, ndinadina kachipangizo kaja, iko n'kunditsogolera. Palibe anadziwa. Zinachitikanso kachiwiri, kachitatu, mpaka ndinasiya kuwerenga. Kachipangizo kako kanandisungira chinsinsi miyezi isanu ndi umodzi.

Ndiye Lachinayi lapitalo, dzuwa lili pamutu, ndinafika pa maloboti a pafupi ndi sitolo ya utoto ndili ndi mathireyi makumi anayi kumbuyo. Mayi wa pagalasi ananena kuti ndikhotere kumanzere. Ndinamumva bwinobwino. Ndinayang'ana manja anga onse awiri pa chiwongolero, osadziwa kuti lamanzere ndi liti.

Kumbuyo anayamba kuimba mahutala. Ndinangokhota. Ndinalowa mumsewu wa mbali imodzi, maso ndi maso ndi lole ya simenti.

Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse. Loleyo inaima pafupi kwambiri moti ndinaona dzimbiri la pa bampala lake. Kumbuyo kwanga ndinamva mathireyi akugumuka, kenako mazira akuchucha pansi pa mpando.

Dalaivala wa lole anatsika akutukwana. Atafika pa windo n'kuona imvi zanga, anatsitsa mawu. Anandifunsa ngati ndikudwala shuga. Ndinamulozera kachipangizoko, n'kumuuza kuti ndi komwe kandisocheretsa. Anapukusa mutu, n'kuimitsa magalimoto ena kuti ndibwerere m'mbuyo.

Chifukwa cha manyazi ndinakazimitsa n'kukaponya pampando. Ndinadziuza kuti kwathu ndikafika ndi mutu wanga. Kuchokera pamenepo kukafika kunyumba ndi mphindi khumi. Ine ndinazungulira maola awiri. Nyumba ndinkaziona, mitengo ndinkaiona, koma zonse zinali ngati za m'dziko la eni.

Mapeto ake ndinaima pa malo ena ometerapo tsitsi, n'kufunsa wometayo njira yopita ku msewu wathu. Anaseka mpaka kusiya makina. Anati achimwene lero mwabwera ndi nthabwala yatsopano, kodi mwayambana ndi alamu mukuopa kulowa? Ndi pomwe ndinamuzindikira. Ndi uja wakhala akundimeta kuyambira iwe uli kusukulu ya pulayimale. Geti lathu lobiriwira linali kuonekera pamene ndinaimapo. Nanenso ndinaseka, n'kumuuza kuti ndimamuyesa.

Mayi ako ataona mazira anagwira pakamwa. Ndinawauza bodza lomwe lija. Anatenga kachipangizoko n'kukatsekera mudilowa ya masipuni, akuti ananena kale kuti mkazi ameneyu adzandiphetsa. Kenako anatunga madzi, anagwada ndi mawondo awo opwetekawo, n'kuyamba kuchapa m'galimoto. Ine ndinaima pambali ndi ndowa, bodza lili m'kamwa. Mwa zonse zimene zachitika, chimenecho ndicho chikundiwawa kwambiri.

Kachipangizo sikanalakwe, mwanawe. Kananena kumanzere, ndipo kumanzere ndiko kunali njira. Chawonongeka ndi bambo ako.

Chiyambire tsiku limenelo sindinayendetsenso. Mayi ako ndawauza kuti mabuleki akufunika makaniko. Eni magolosale akuimba foni, ena ayamba kale kutenga mazira kwina. Dzulo m'mawa miyendo inanditengera yokha ku galimoto, makiyi ali m'manja. Ndinaganiza za ana amene amawoloka pa maloboti aja akamaweruka. Ndinapitirira mpaka kwa wometa, ndinamuuza zoona zonse, n'kumupatsa makiyi kuti asunge. Ndamuuza kuti ngakhale ndibwere ndikukalipa asandipatse, akupatse iwe. Ulendo uno sanaseke. Anandikhazika pampando n'kundimeta, ngakhale tsitsi linali lisanakule.

Tsopano ndikupempha ziwiri. Choyamba, undiyankhe ngati namwino, osati ngati mwana wondimvera chisoni. Kodi chimenechi n'chiyani? Chili ndi mankhwala? Chimathamanga bwanji? Usandinyengerere, ndanyengereredwa mokwanira ndi ine mwini.

Chachiwiri, ukapeza tchuthi ubwere, ngakhale masiku atatu okha. Mayi ako ayenera kumva, ndipo ayenera kumva kwa ine. Koma ndekha sindingathe. Ndayesa kawiri, ndikangoti "mayi a mwana", iwo n'kutembenuka, ndimapezeka ndikufunsa za mchere. Udzangokhala pafupi nawo, kuyankhula ndidzayankhula ndine. Usachedwe kwambiri. Ndikufuna ndidzapepese ndikukumbukira chimene ndikupepesera.

Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito yako yosamala odwala. Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti jekete ananditumizira lija likundikwana. Moni kwa mdzukulu wanga wamkulu, alimbikire sukulu. Moninso kwa wamng'onoyo, wa mano otuluka kumene uja. Ndayika cholembera pansi kanthawi ndithu kufunafuna dzina lake, ngakhale ndinamutcha ndine. Poyankha undilembere m'zilembo zikuluzikulu. Iyeyo usamuuze.

Ndine bambo ako okukonda.