Maondo a Si Mbarek

Lolemba, 8 Sepitembala

Tchuthi changa ndi masiku anayi okha, ulendo umodzi basi. Ine ndikuti tipite kuchipululu cha ku Merzouga. Msewu wake ndi wa phula mpaka kumchenga, komanso kumeneko odwala nyamakazi amawakwirira mumchenga wotentha, kutsala mutu wokha. Amuna anga, Si Mbarek, akakamira Chegaga, komwe ankaweta ngamila ali mwana. Ndi maondo amenewo! Zaka ziwiri tsopano akupemphera atakhala pampando, kugwada kunakanika.

Akuti, "Zhor, ukufuna kundikwirira ndisanafe?" Ndaseka mpaka kutaya tiyi, koma sindinagonje.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Mwana wathu Ikram waimba foni. "Baba, mverani amayi. Ku Chegaga ndi maola awiri galimoto ikudumpha pamiyala." Awiri kwa mmodzi! Bambo ake angotenga khangaza n'kumasenda. Ndapambana, koma sizikukoma.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Kukucha ndamva gu... gu... pamasitepe opita padenga. Kusuzumira, ndi iwo, opanda ndodo, thukuta kamukamu, kukwera n'kutsika. Atandiona, manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Kuli mulu wina wautali wa mchenga ku Chegaga. Ndinkaukwera chothamanga. Ndimangofuna ndione ngati..." Sanamalize.

Akuti anayamba mwezi watha. Mwezi wathunthu, ine ndikuliza mkonono! Ndalira, basi.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Tipita ku Chegaga. Ikram akuti ndapenga. Mwina.

Loweruka, 20 Sepitembala

Za miyala zija n'zoona, msana wanga ndi mboni. Koma bambowa! Njira yonse kulozaloza, kumuuza dalaivala pokhota. Titangofika avula nsapato, n'kuyamba kucheza ndi ngamila ya eni ake ngati mlamu wawo. Sindikumbuka tsiku lomwe anaseka chonchi.

Lamlungu, 21 Sepitembala

Pamwamba sanafike.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka, iwo patsogolo. Pakatikati pa mulu maondo anakana, ndinangoona munthu uyo, pansi! Mayo ine, mtima unachoka. Ndikuthamangira, mapazi akutitimira, ndikudzitukwana kuti bwenzi tili ku Merzouga.

Anakweza dzanja. "Ima pomwepo, Zhor. Taona."

"Ndione chiyani? Mwathyoka?"

"Ndagwada."

Zoonadi. Maondo onse awiri ali mumchenga wofewa, nkhope yosakwinya n'komwe. Anayang'ana dzuwa, anatembenuka pang'ono kuloza ku Makka, n'kugunditsa chipumi pansi. Anakhalitsa, mapewa akugwedezeka.

Ataweramuka, chipumi chonse chinali mchenga. Mpango ndinali nawo m'manja. Sindinawapukute.