Paki Yopanda Phula

Lolemba, 6 Okutobala

Bondo likulirabe.

Nesi, mwana wanga wamkazi amene akundisunga, watenga tchuthi cha sabata yathunthu. Akuti sabata ino ndi yanga. Adokotala anamuuza kuti ndizituluka, chifukwa mpando wa pakhonde wayamba kundidziwa kuposa anthu. Ndiye wakonza zoti azinditengera ku pikiniki. Ndafunsa kuti pikiniki n'chiyani. Akuti ndi kuphika chakudya, kuchinyamula, kupita nacho kutali, n'kukadyera pansi. Ndati kodi m'nyumba muno tebulo lathyoka? Mkamwini waseka mpaka tiyi kumulowa m'mphuno.

Koma ine si mwana. Nesi akayamba kundithirira shuga mosawerenga masupuni ndimadziwa kuti kumbuyo kukubwera nkhani. Yatuluka titatha kudya. Mchimwene wake akufuna kundiona Loweruka. Wosaina. Mwana wanga woyamba, uja anatenga cholembera n'kusaina kuti tichoke pamalo pathu m'mbali mwa mtsinje, ine ndili gone m'chipatala. Chichokereni pamenepo sindinakhalepo naye pamphasa imodzi. Ngakhale pa maliro a mayi ake ndinakhala mbali ina.

Akuti akunyamuka Lolemba likubwerali, ntchito yamuitana kunja kwa dziko, ndipo sakudziwa adzabwera liti. Pa msinkhu wangawu mawu akuti "sakudziwa liti" ali ndi tanthauzo limodzi lokha.

Ndati ayende bwino. Ndalowa kuchipinda.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tapita. Malo ake akuwatcha gadeni.

Ndinanyamuka nditakonzeka kunyoza, koma ndasowa poyambira. Mitengo ya mayiko onse aiika pamodzi, uliwonse ndi kachikwangwani ka dzina lake ngati odwala m'chipatala. Wina thunthu lake tagwirana manja ine, Nesi, mkamwini ndi mdzukulu wanga Kachiwala, koma osaukwanitsa. Kuyang'ana kumwamba chipewa chinagwa.

Kenako nyumba ya magalasi okhaokha, denga ndi makoma omwe. Mkati mofunda, monyowa, ngati mpweya wa m'kamwa mwa ng'ombe. Muli dziwe, pamwamba pa madzi masamba akuluakulu oti mwana wakhanda n'kugonapo. Pansi pake nsomba zofiira, zonenepa, zosaopa munthu, ndipo palibe aliyense ali ndi mbedza. Kachiwala anandikokera pa kaduwa kena n'kunena kuti agogo penyani. Ntchentche inatera. Kaduwako kanatseka pakamwa. Ndaona ndi maso angawa, duwa likudya nyama! Ndinangozindikira kuti chipewa chili m'manja ndipo ndikulankhula monong'ona ngati ndili m'tchalitchi.

Tadyera pa kapinga. Buledi, mazira owiritsa, malalanje, tiyi wa mu fulasiki. Buledi yemwe uja wa tsiku ndi tsiku, koma anakoma mwina. Sindinawauze.

Mayi a ana akanakhala ndi moyo akanathyola timanthambi n'kubisa m'chikwama. Dzanja lawo lija, ngakhale mpini wa khasu ukanaphuka. Ndi iwo anabzala mango pakhomo pathu paja. Ine ndinangomangapo waya woyanikapo zovala.

Ndiye anabwera kuchipatala kuja Wosaina, ataima kumapazi kwa bedi, n'kunena kuti bambo, a mzinda atipatsa nyumba ina, pathu paja pakhala paki. Paki. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma mawu amenewo palibe angandiphunzitse. Ukalamba wanga unandipeza ndikulondera pa paki ya galimoto kuseri kwa sitolo yaikulu. Phula, mizere yoyera, fungo la oilo, dzuwa loti nsapato zimamatira pansi. Popanda ngakhale udzu umodzi. Ndi zimenezo anathira pamwamba pa dimba la mayi ake. Chaka chisanathe iwo anatisiya, m'nyumba yachilendo, pazenera akuona khoma la eni.

Ndinalamula kuti malo amenewo asatchulidwenso ine ndili pomwepo, ndipo satchulidwa. Sindinapondekonso. Ndikaonenji, galimoto za anthu olemera zitaima pamene panali bedi lathu?

Lachitatu, 8 Okutobala

Mvula. Wosaina waimbira foni mlongo wake, ine ndakweza wailesi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Lero kugombe.

Ndakalambira mumzinda uno koma nyanja ndinkangoionera pazenera la basi, kachingwe kabuluu kuseri kwa nyumba za anthu. Ndinkati ndi madzi, nanga madzi sindiwadziwa? Sindinkawadziwa.

Tafika dzuwa lisanakwere. Ndisanaione ndinayamba kuimva, kupuma ngati chinyama chachikulu chili mtulo. Titatsika pamchenga ndinangoti chilili. Kutsidya kulibe. Ndinafufuza ndi maso, ndinapukuta magalasi, kulibe. Madzi amangopita mpaka kukakhala thambo. Mkamwini akuti sitima imayenda masabata osaona mtunda. Ndinaganiza za amene akunyamuka Lolemba, ndinazichotsa msanga.

Kachiwala wandivula nsapato yekha, akuti agogo amantha ngati mphaka. Ndalowetsa mapazi. Funde likabwera limakukankha, likamabwerera limakukumba mchenga pansi pa zidendene, ngati dziko likukuthawa pang'onopang'ono. Ndinalawa. Mchere weniweni. Ndani anathira, ndipo anautenga kuti wochuluka chonchi?

Tinayala nsalu patali ndithu ndi madzi. Tikudya, madzi anatitsatira okha, popanda mvula, popanda mphepo. Anatenga nsapato imodzi ya mkamwini. Munthu wa taye uja kuthamangitsana ndi nsapato, buluku atapinda, Nesi akumukuwira kuti isiyeni bambo a mwana, nyanja nayonso ikufuna kuvala. Ndaseka mpaka chifuwa. Kuseka ndinali nditakuiwala kuti kumapweteka m'nthiti.

Pafupi nafe panali mkulu wina, woposa ine, miyendo yake yofooka. Mwana wake wamwamuna anamubereka kumsana n'kukamukhazika m'madzi osaya, akumugwirira mapewa. Mkuluyo ankangomenya madzi ndi manja. Ndinayang'ana kwina.

Zonse zinaonongeka pobwerera. Nesi, maso ali kumsewu, anati achimwene asankha kuti Loweruka tikakumane kupaki, pamalo pathu pakale. Akuti ndi komwe akufuna kukatsanzikira.

Sikunamukwane kugulitsa mthunzi wa mayi ake, tsopano akufuna ndikadyere mazira pa phula, pakati pa matayala.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndipita. Osati kukadya ayi. Ndikufuna akaime pa phulapo, andiyang'ane, andilozere ndi chala pamene panali khomo lathu. Akatero akwere ndege yake.

Nesi atamva kuti ndavomera anandikumbatira, misozi ili chuchuchu. Sakudziwa.

Ndatulutsa majombo anga a ku ulonda, a mphira wokhuthala. Ndadula chikatoni chija munabwera firiji, ndachipinda pawiri. Phula la masana ndimalidziwa ine, limaotcha kudutsa buluku. Nesi wafunsa kuti chikatonicho n'chachiyani, popeza nsalu yoyala ilipo. Ndati udzaona mawa. Wayang'ana mwamuna wake, mwamuna wake wayang'ana kudenga. Akuganiza kuti mutu wayamba.

Mawu okamuuza ndawakonza. Ndayeserera kubafa kawiri.

Loweruka, 11 Okutobala

Tabwerako. Lero sindilemba. Mawa.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo.

Njira sindinaizindikire, nyumba zonse zachilendo. Mkamwini anakhota n'kuima pamalo a phula, mizere yoyera, galimoto mbali ino ndi mbali inayo, kutsogolo mpanda wautali wa maluwa. Ndinati ndi pompano. Panali pang'ono kuposa m'mene ndinkaganizira, koma fungo lake lomwe lija. Iwo ali kalikiliki kutsitsa madengu, ine ndinatenga chikatoni changa, ndinachiyala pakati pa galimoto ziwiri, ndinakhala pansi.

Nesi anatembenuka. Anati bambo, mwamva chizungulire? Ndinati ayi, ndafika. Muitane mchimwene wakoyo abwere tidye.

"Pano? Bambo, pano n'poimika galimoto. Kupaki ndi uko, mkati mwa chipata."

"Paki ndi ino. Ndalondera pa paki iwe usanabadwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana chikatoni, majombo, kenako dengu analiika pansi pang'onopang'ono n'kugwira pakamwa. Anafunsa motsitsa mawu ngati zaka zonsezi ndinkaganiza kuti pathu paja anathirapo phula. Ndinati nanga paki amathirapo chiyani?

Anandidzutsa, anandigwira mkono, tinalowa pachipata. Chikatoni sindinachisiye.

Kapinga. Kapinga wobiriwira kutsetsereka mpaka kumtsinje. Mtsinje wathu womwe uja, mwala wochapirapo uli pomwe unali. Ana pa katungwe, ana akugubuduka paudzu, mabanja atayala nsalu m'mithunzi, wina akuimba gitala. Mbalame zili pokopoko. Mapazi anga anadziwa njira mutu usanadziwe, anangokhotera kumanzere okha.

Ndipo unalipo. Mtengo wa mango wa mayi a ana.

Ndinausiya wolingana ndi denga. Tsopano nthambi zake zaphimba pamene panali nyumba, khitchini ndi bwalo lonse, ndipo mabanja angapo anali pansi pake osapanikizana. Ndinakana, ndinati mitengo ya mango ndi yambiri. Ndinazungulira thunthu ndikupapasa. Chakumtsinje, pamwamba pang'ono pa mutu wanga, khungwa latupa ngati chipsera, ndipo pakati pake patulukira kansonga ka waya wadzimbiri. Mfundo yake ndi yanga, yopotokola kumanzere. Mtengo unameza waya wathu n'kumusunga.

Ndinaima pamenepo sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Ine kutukwana m'mtima zaka zonsezi, iwo uku akungokula, akupatsa mthunzi ana a eni.

Wina anatsokomola kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka ndipo poyamba sindinamudziwe. Imvi. Mwana amene ndinkamunyamula paphewa kuti athyole mango, imvi mpaka m'ndevu. Anaima patali, manja atagwira kutsogolo, ngati munthu wobwera kudzapempha ntchito.

Munthu wotchetcha kapinga anadutsa n'kumupatsa moni ngati mnzake wakale. Anati lero mwabwera ndi alendo, bwana a pamango? Kenako anandiuza ine kuti bamboyu ndiye sajomba, amabwera yekha, amakhala chotsamira mtengowu osalankhula ndi munthu, mpaka amachita kumuuza kuti tikutseka.

Mawu anga a kubafa aja ndinawafunafuna. Anatuluka awiri okha.

"Unati paki."

"Eya bambo. Ndi imeneyi."

Nesi anamufotokozera za phula. Ndinaona nkhope ya mchimwene wakeyo ikusintha, anafuna kuseka, anafuna kulira, anakhala pakati. Anati ankaganiza kuti ndikudziwa, kuti ndimadana nawo malowa ngakhale ali chonchi. Anati akanapanda kusaina akanatichotsabe, popanda ndi nyumba ina yomwe, ndipo ankaopa kundiuza zambiri ndili pa bedi la chipatala. Ndinati nyumba yanga palibe apa. Anati palibedi bambo. Ndinati mayi ako anafera poyang'ana khoma. Anati ndikudziwa, ndinalipo. Zimenezo sizinasinthe ndipo sizisintha.

Pomwepo Kachiwala anatulukira kuseri kwa mtengo, m'kamwa muli buledi. Anati agogo, aphunzitsi athu amati safunsa anadya phula.

Mayi ake anamukodola mwaukali. Mkamwini anayamba kufufuza chinachake m'dengu. Ine ndinayesetsa kulimbitsa nkhope, koma zinachokera m'mimba, ndipo nditaona mapewa a Wosaina akugwedezeka zinangophulika. Mbalame zinathawa mumtengo.

Bondo linatopa. Nsalu inali isanayalidwe, ndiye ndinatambasula chikatoni changa patsinde, pansi pa waya. Chikatambasuka n'chachikulu, munthu mmodzi sangachimalize. Ndinakhala chakumapeto. Iye anali chiimire.

"Ukuyembekezera kalata? Khala pansi."

Anakhala. Phewa lake linagunda langa. Anasenda dzira n'kundipatsa, ndinalandira.

Sindinalakwe ine. Analakwa ndi amene anapatsa zinthu ziwiri dzina limodzi.

Ndege ndi mawa m'mawa. Potsanzikana dzulo ndinamuuza kuti mbali ya kumtsinje sindinaione bwino, anthu anachuluka. Anati abwera kudzanditenga lero, awiriwiri. Ndavala nsapato zopepuka. Nesi wathira tiyi mu fulasiki, makapu awiri.

Hutala ya galimoto yalira panja. Mwana wanga wafika.